Chisudzulo cha Papepala

Komanso si kuvomerako kumene kunkawadya mtima a Pyo, ayi, poti wopempha anali iwowo, ndipo wopempha akapatsidwa sadandaula — chinkawadya mtima chinali changu cha mkazi wawo povomerapo. Masiku atatu athunthu iwo anakhala akukonza mawu oti adzamutonthoze nawo mkazi wawo akadzayamba kulira. Ankawayeserera posamba, ankawayeserera potsika masitepe, mpaka anasankhiratu pamene adzamugwire paphewa n'kunena motsitsa mawu kuti ndi za papepala chabe izi, make Hye-ran, tikungolizemba boma. Koma m'mawa umenewo, mwezi wapitawo, atangomaliza kunena kuti bwanji tisudzulane, mayiyo sanadzutse n'komwe mutu pa nyemba zophukira zimene ankazidula timizu.

"Chabwino," anatero. "Liti?"

Liti. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi m'nyumba imodzi, munthu n'kufunsa kuti liti, ngati akufunsa tsiku lobwera galimoto yotola zinyalala.

Ndiye litilo linali lero. Khoti linawapatsa mwezi umodzi woti akaganize bwino, mweziwo unatha, ndipo 2 koloko masana ankayenera kukaima pamaso pa woweruza kuti aliyense anene ndi pakamwa pake kuti akufunadi. Panopa inali itangokwana 9 koloko, ataima pokwerera basi pafupi ndi msika, mphepo yochokera kudoko ikuwalowa m'khosi, ndipo make Hye-ran anaima patali ndi mapazi atatu monga anagwirizana, atavala chikhoti chofiirira chimene anachivala komaliza pa ukwati wa mwana wawo, m'mutu muli — apa a Pyo anayang'ana kumbali, kenako anayang'ananso — m'mutu muli tsitsi lopotanapotana la ku saluni.

Iwo, Pyo Sang-dal, amene anameta mitu ya mu Gunsan muno zaka makumi anayi, mitu ya aphunzitsi, ya asodzi, ya apolisi, mkazi wawo n'kukapereka mutu kwa mtsikana wa pa saluni, tsiku lake lenileni lomweli.

Chiyambi cha zonsezi chinali penshoni ya okalamba. Boma limapereka kangachepe mwezi ndi mwezi kwa okalamba amene chuma chawo sichifika pa mlingo umene linaika, koma likaona kuti olandirawo ndi mwamuna ndi mkazi wake limadula gawo limodzi mwa magawo asanu kwa aliyense, ati chifukwa anthu awiri amayatsa getsi limodzi ndipo amawotha moto umodzi. A Pyo ankazidziwa zimenezi kuyambira kale, koma ankangozidziwa ngati mmene munthu amadziwira kuti dzino lina likugwedera, mpaka tsiku limene a Tak, mnzawo wosewera naye chesi ku holo ya okalamba, anawalembera kuseri kwa envulopu: ndalama zimene mukutaya ndi mawoni oposa 60,000 kwa inu, enanso otero kwa mayi, onse pamodzi ngati 130,000 mwezi uliwonse. Pamene ankatseka shopu yawo, a Pyo ankameta mutu umodzi mawoni 8,000. Ndiye kuti mitu khumi ndi isanu ndi umodzi — mitu khumi ndi isanu ndi umodzi mwezi ndi mwezi, kuimeta, kuisambitsa, kuipukuta m'makutu, boma n'kudzuka pampando osalipira. Kuyambira tsiku limenelo mituyo inkawatsatira. Ankaiona itandanda pa benchi akamadya, ankaiona akamaonera nkhani.

A Tak, amene kale anali kalaliki kudoko ndipo ankadziwa malamulo onse, kapena ankalankhula ngati akuwadziwa, anati njira yake ndi yaifupi, msuweni wawo wa ku Iksan anachita zomwezo: mumasudzulana papepala, aliyense amalandira yake yonse, madzulo mumadya mpunga wa mumphika umodzi ngati kale. Anangochenjeza kuti a boma nthawi zina amabwera kudzasuzumira, choncho ndi bwino kuzolowereratu kuoneka ngati anthu osiyana.

Mawu omalizawo a Pyo anakawafikitsa kunyumba mongodutsa, ngati nthabwala, koma make Hye-ran anawatenga ngati lamulo la dokotala. Mawa lake anasamutsira zofunda zake m'chipinda chakale cha Hye-ran. Mkuja wake m'firiji munaoneka kapepala pa shelefu yam'munsi, kolembedwa kuti Pyo, ndipo pa shelefupo panali mazira atatu ndi botolo la madzi. Anasiya kuwaitana kuti bambo a Hye-ran, anayamba kuwati a Pyo, mwaulemu kwambiri, ngati mmene amaitanira mwini golosale. Ndipo iwo atafunsa kuti masokosi akuda aja ali kuti, anawayankha kuti a boma akadzabwera adzadabwa kuona mayi wosudzulidwa akudziwa kumene kuli masokosi a bambo wachilendo. Zinali zomveka. Vuto lake linali lomwelo, kuti chilichonse chimene ankachita chinali chomveka, chinali ndendende chimene iwo anapempha, moti analibe pogwira — ndipo kuseri kwa khoma, m'chipinda cha mwana, ankamumva akuimba motsatira wailesi, munthu amene iwo ankadziwa kuti saimba.

Basi itafika, mayiyo anakhala kutsogolo, iwo anapita kumbuyo, ndipo kuyambira pamsika mpaka pa sukulu ya atsikana analibe china choyang'ana koma kunkhongo kwa mkazi wawo. Ntchitoyo inali yosalongosoka, aliyense wodziwa kugwira sizasi akanaona: kumanzere anasiya kotalika, pakhosi sanasese. Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse, kuyambira chaka chimene anakwatirana, iwo ankamukhazika pa mpando wa kukhitchini, n'kumufunditsa nsalu, n'kumumeta molunjika bwino pansi pa makutu, mwaukhondo, kwaulere, mphindi khumi basi, ndipo sanadandaulepo ngakhale kamodzi — komano, anakumbuka basi ikukhota, kasitomala aliyense akakhala pampando iwo ankayamba ndi funso lakuti lero timete bwanji bwana, ngakhale mwana wa sukulu ankamufunsa, ngakhale chidakwa. Kodi funso limeneli kukhitchini linafunsidwapo? Anafufuza m'mutu mwawo Malamlungu onsewo, oposa mazana asanu, kufuna limodzi lokha. Mwina chaka choyamba. Chaka choyamba ayenera kuti anafunsa, munthu akadali mnyamata amafunsa zinthu zambiri.

Koma tsitsi silipotedwera woweruza. Woweruza imamudutsa mitu yambiri patsiku, sayang'ana ngakhale umodzi. Ndiye lapotedwera ndani? Apa m'pamene a Tak analowa m'basimo, osati ndi thupi, koma ndi kumwetulira kwawo kuja koonetsa dzino lagolide — a Tak, amene akazi awo anamwalira zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, amene amalandira penshoni yawo yonse yosadulidwa, amene chaka chatha pa phwando la ku holo anatapa kawiri kimichi ya make Hye-ran, kabichi wowawasa wa tsabola uja, n'kunena mokweza kuti dzanja lotere silipezekanso masiku ano. Munthu wopanda mkazi n'kumalangiza za banja, n'kumalemba masamu kuseri kwa envulopu mosamala chonchija, ngati ndalamazo zidzalowa m'thumba mwake. Ndipo mutu wakuda bii uja, umene amayi a ku holo amautamanda kuti a Tak sakalamba, ndani anaupaka mankhwala zaka makumi awiri, chitseko chitatsekedwa, osauza munthu? Iwowa. Njoka anaidetsa okha ndi manja awo, n'kuisungiranso chinsinsi. Kenako manyazi anawagwira, chifukwa a Tak ali ndi zaka 79, amayenda ndi ndodo, ndipo sangamalize chesi imodzi osapita kuchimbudzi kawiri. Koma manyaziwo sanakhalitse, poti ndodo sinaletsepo munthu kukhumbira.

Akanapitiriza kuwazenga mlandu a Tak mpaka kukhoti, koma make Hye-ran anadzuka ulendo usanafike n'pakati pomwe, n'kutsika pa ofesi ya boma ya m'dera lawo, osacheuka. A Pyo anathamangira pakhomo, chitseko chinatsala pang'ono kuwapana jekete. Atamupeza, mayiyo anangoti ndi bwino kufunsiratu mapepala amene adzafunike pa za penshoni, kuti asadzayende kawiri. Zomvekanso.

M'katimo munali mofunda, mukununkhira khofi wa m'makapu apepala. Anapereka zitupa zawo, anauzidwa kuti adikire, anakhala posiya mpando umodzi pakati, ndipo patapita kanthawi kalaliki wina, mayi wa magalasi, anaitana kuti, "Mayi Yeo Mal-sun."

A Pyo anacheuka kuti aone woitanidwayo. Anacheukadi, anayang'ana kumbuyo kumene kunali agogo ena akusinza, ndipo pobweza maso anapeza mkazi wawo ataimirira kale, akukonza chikhoti. Dzinalo ankalidziwa, nanga angalephere bwanji kulidziwa, analilemba pa mafomu a kuchipatala, analilemba pa pepala la kukhoti mwezi wathawu. Koma kulimva likutchulidwa, n'kuona munthu akudzuka nalo ngati lake — iwo analitchula liti komaliza ndi pakamwa? Hye-ran asanabadwe. Ndipo Hye-ranyo chaka chino wayamba kudandaula za imvi.

Kalalikiyo anamvetsera a Pyo akufotokoza, ndipo anafotokoza bwino, monga anakonzera, kuti banja lavuta, kuti sakumvana, kuti zafika posauzana — make Hye-ran akugwedeza mutu kuvomereza, mwinanso mopitirira muyezo — kenako anatembenuza kompyuta pang'ono n'kuyamba kulankhula mwachifatse, ndi mawu amene anthu amasungira okalamba ndi ana. Choyamba, anati, anthu akasudzulana koma n'kumakhalabe limodzi ngati banja, amawerengedwabe ngati banja, kudulako kumakhalapobe, ndipo zikadziwika kuti analandira mopitirira amabweza. Chachiwiri, apa anawayang'ana a Pyo pamwamba pa magalasi, mlingo wa munthu mmodzi ndi wotsika kuposa wa anthu awiri. Panopa nyumba yawo yosanja, pamodzi ndi lendi ya shopu ya pansi imene muli wogulitsa mafoni, zonse zimagawidwa pa mitu iwiri, n'chifukwa chake amakwanira, movutikira. Koma zonsezo zili m'dzina la bambo. Bambo akakhala okha, zonse zidzawagwera okha.

"Ndiye kuti?" anatero a Pyo.

"Mayi adzalandira yonse. Inuyo mwina simudzalandira kalikonse."

Mitu khumi ndi isanu ndi umodzi ija inadzuka pa benchi, inatuluka, n'kubwerako ndi inzake. A Pyo anayesa kuiwerenga, inapitirira makumi atatu, ndipo akadali pakati powerenga anamva kalalikiyo akuwonjezera kuti pokhapokha ngati nyumbayo atagawana posudzulanapo, monga ena amachitira, pamenepo mwina onse awiri angakwanire.

"Tidzagawana," anatero make Hye-ran. "Pakati n'pakati."

Ananena modekha, ngati akunena za chivwende. Nyumba imene iwo anaimanga ndi sizasi, njerwa iliyonse mutu wa munthu. Kalalikiyo anafunsa kumene mayi azikakhala, ndipo mayi anatsegula kachikwama n'kutulutsa pepala lopindidwa bwino, lolembedwa keyala ya mng'ono wake wa ku Iksan. Iksan, kwa msuweni wa a Tak — ngakhale kuti mng'onoyo wakhala ku Iksan zaka makumi atatu, ndipo a Pyo eniakewo ndi amene anamunyamulira mipando posamuka. Kalaliki anayang'ana pepalalo, anayang'ana mayiyo, n'kumwetulira.

"Ndakukumbukani tsopano. Munabwera mwezi watha kudzafunsa zomwezi. Tsitsili ndi limene linandisokoneza. Mwatchena, mayi."

Panja dzuwa linali litakwera koma silinkatentha. Anauyamba wapansi kulowera kukhoti, mayi patsogolo, iwo pambuyo, ndipo tsopano mapazi atatu aja sanalinso opangana, ankangochitika okha. Mayiyo ankadziwa. Mwezi wonse, akumata kapepala m'firiji, akuimba kuseri kwa khoma, ankadziwa kuti nzeru za a Tak n'zobooka pansi, ndipo sanawauze. Ndiye panali ziwiri: mwina akuwalanga, akuwasiya kuti ayende okha mpaka m'mphepete mwa dzenje, asuzumiremo, achite manyazi, kenako awakoke jekete n'kupita nawo kunyumba kukawaphikira supu, kapena akupitadi, khomo limene iwo analitsegula mwamasewera iye waliona kuti ndi khomo. Umboni unalipo wa mbali zonse. Mazira aja pa shelefu yawo — atatu tsiku loyamba, atatunso mawa lake, atatu mwezi wonse ngakhale kuti iwo ankadya awiri tsiku lililonse. Mazira saberekana m'firiji, ndipo munthu amene akukusiya sakuwerengera mazira. Koma sutikesi yaikulu imene imakhala pamwamba pa wadirobu, dzulo inali pansi, yopukutidwa fumbi. Mwina ankangofuna kusesa pamwambapo. Kodi pamwamba pa wadirobu amasesapo? Iwo sankadziwa, sankadziwa kuti m'nyumbamo mumasesedwa liti, ankangopeza muli mosesa.

Nanga Hye-ran? Anagwirizana kuti mwana asauzidwe, ali ndi zake zomuvuta ku Incheon, angodandaula pachabe. Koma Lamlungu lapitali ataimba foni analankhula ndi make pafupifupi ola lonse, chitseko chili chotseka, ndipo a Pyo, amene anali ndi chifukwa chomveka choimira m'khondemo nthawi yonseyo, anamva kuseka, kuseka kwa awiri, kwa m'nyumba ndi kwa m'foni. Foniyo itafika kwa iwo mwanayo anangowafunsa ngati akudya bwino. Akudya bwino. Anayamba liti kufunsa zimenezo? Ndiye kuti akudziwa za shelefu, ndipo wodziwa za shelefu akudziwa zonse — kapena ankangofunsa, monga ana amafunsira makolo awo akasowa chonena nawo.

Ndipo analakwa chiyani, tinene zoona, analakwa chiyani choti munthu angachitchule pamaso pa woweruza? Sanamumenyepo. Sanagonepo kunja. Sanataye ndalama ku juga ngati mwamuna wa mng'ono wake uja, sanamutukwanepo pa anthu, sanabwere kunyumba akukwawa ndi mowa kupatula kawiri kapena katatu. Anawerenga zonsezi ndi zala m'thumba la jekete, zala zinakwana zisanu, ndipo pa chala chachisanu m'pamene anazindikira kuti zabwino zawo zonse zinali zinthu zimene sanachite. Anafufuza zimene anachita. Tsiku lobadwa Hye-ran iwo anali akumeta mphunzitsi wamkulu wa sekondale, ndipo uthenga utafika anamaliza kaye mbali inayo, nanga munthu wolemekezeka angatuluke ndi theka la mutu. Kenako pa benchi panali enanso anayi odikira. Apongozi awo aakazi atamwalira, anamupatsa masiku atatu a maliro, lachinayi anaimba foni kufunsa kuti matawulo a mushopu achapa ndani. Matawulowo — makumi atatu tsiku lililonse, kuwawiritsa, kuwafinya, kuwayanika padenga ngakhale nthawi ya chisanu manja atang'ambika — ndiye njerwa iliyonse ndi mutu wa munthu, inde, koma mutu uliwonse unapukutidwa ndi tawulo. Pakati n'pakati. Anafuna kukwiya, mkwiyo unanyamukadi, koma unabwerera panjira.

Cha m'ma 12 koloko make Hye-ran analowa m'nyumba ina yodyeramo osafunsa, ndipo a Pyo atawerenga chikwangwani anaima kaye pakhomo: nkhanu zaziwisi zonyika mu msuzi wa soya. Chakudya chimenechi m'nyumba mwawo sichinalowemo kuyambira 1983, pamene chinawatsegula m'mimba masiku anayi, ndipo iwo ankakhulupirira kuti banja lonse linadana nacho kuyambira pamenepo. Mayiyo anaitanitsa mbale yaikulu. Iwo anaitanitsa supu, n'kumamuyang'ana akupinda manja a chikhoti cha ukwati chija, akuika timitengo todyera pambali, akugwira nkhanu ndi manja n'kuifinya, kuiyamwa atatsinzina, msuzi ukutsikira kuchigongono. Kenako anathira mpunga m'chigoba n'kusakaniza ndi luso la munthu amene wakhala akuchita zimenezi — kuti? liti? ndi ndani? Kapena yekha, masana ena, iwo ali ku chesi, atakhala pa tebulo ngati lomweli, akudya mofulumira n'kusamba m'manja ndi sopo kawiri asanafike kunyumba. Zimenezo zinawabaya kuposa za a Tak.

Mawu anali nawo, mawu a masiku atatu aja, koma onse anali otonthozera munthu wolira, ndipo munthu amene anali patsogolo pawo ankanyambita chala chachikulu.

"Make Hye-ran," anatero, kenako anakonza kukhosi. "A Mal-sun. Inuyo mukufuna chiyani?"

Zaka zonsezi ankamuti iwe. Inuyo anangotuluka yekha, ndipo m'kamwa mwawo anamveka ngati nsapato yobwereka. Mayiyo anasiya kutafuna. Anawayang'ana nthawi yaitali, mwendo wa nkhanu uli m'manja, nkhope osaonetsa kuti ili mbali iti.

"Funso limenelo andifunsa a woweruza 2 koloko," anatero. "Mukamvera komweko. Panopa ndikufuna mpunga wina. Aitaneni operekera chakudyawo."

Anawaitana. Polipira, mayiyo anauza mwini malowo kuti aliyense alipira zake.

Kukhoti anawakhazika m'khonde lalitali la mipando yolumikizana, pamodzi ndi mabanja ena oposa khumi, ambiri a msinkhu wa Hye-ran kapena ocheperapo, aliyense maso ali pa foni. A Pyo anaona kuti onsewo anasiya mpando umodzi pakati, ndendende ngati iwo. Palibe akanasiyanitsa a papepala ndi enieni. Mtsikana wina amene ankalira mwakachetechete anawayang'ana, anayang'ana imvi zawo, n'kulira kwambiri. Wantchito wa pakhotipo anafotokoza kuti azilowa awiriawiri, kuti woweruza afunsa aliyense funso limodzi, ndipo mmodzi yekha akati ayi nkhani yathera pomwepo. Zonse sizitenga mphindi zitatu.

Mmodzi yekha. Ndiye kuti zinali m'manja mwawo, kaliwu kamodzi, kakafupi kuposa kutsokomola — koma ayamba kufunsidwa ndani? Akayamba iwo n'kunena kuti ayi, iwo amene anayambitsa, amene m'mawa womwewu anauza kalaliki wa magalasi kuti zafika posauzana, ukwati upulumuka, inde, koma sadzadziwa mpaka kufa chimene mayiyu akananena. Azidya supu wake osadziwa ngati wophikayo anatsala yekha kapena anatsekeredwa. Akayamba iwo n'kunena kuti inde, podalira kuti iye awakoka jekete, nanga n'kupezeka kuti nayenso wati inde? Nanga akayamba mkazi — woweruza wamakono akhoza kuyamba ndi mkazi — n'kuvomera momveka bwino, mosachedwa, monga amavomerera masiku ano; pamenepo ayi wawo akhala wa chiyani, wa munthu wokakamira chitseko cha basi imene yanyamuka? Anaganiza zokomoka. Pa msinkhu wawo palibe angakayikire. Koma pansi panali matailosi, ndipo mayiyu amadziwa mmene iwo amapumira akagonadi. Anaganiza zopita kuchimbudzi n'kukhala komweko mpaka 3 koloko. Anaganiza za a Tak, amene panopa ayenera kuti ayala kale chesi, akudikira kumva kuti zayenda bwanji, mwina opanda n'kampeni komwe kumphasa, mbuli chabe yolankhula molimba mtima. Ndipo zimenezo zinali zoipa kwambiri, chifukwa zinkasiya wolakwa mmodzi yekha.

Mabanja ankalowa n'kutuluka, mofulumiradi, ena akulowera mbali zosiyana osayang'anana, ena akufunsana za kiyi wa galimoto. Mipando inayamba kuchepa anthu. Kenako chitseko chinatseguka, wantchito uja anawerenga mayina awiri, ndipo khonde lonse linakhala ngati latalika.

Mayiyo anaimirira, anadutsa mpando wopanda munthu uja n'kudzaima patsogolo pawo. Anangotambasula dzanja, chikhatho chili m'mwamba, pafupi pamene iwo akanatha kuligwira — kaya ankafuna kuwadzutsa, poti mawondo awo sadzuka okha pa mipando yotsika, kaya ankafuna kalata ya khoti imene inali m'thumba la m'kati mwa jekete lawo. Dzanja lopempha pepala ndi dzanja lodzutsa munthu amatambasula mofanana. A Pyo analiyang'ana, zala zokhota, khungu lokhakhala, mizere imene anali asanaiyang'anitsitsepo, ndipo anaona kuti likunjenjemera pang'ono, pang'ono kwambiri, ngati la munthu amene ali ndi mantha, kapena ngati la munthu amene akuyesetsa ndi mphamvu zake zonse kuti asaseke.